Chisoti cha ku Nthambi

Kwathu kuno, pa phiri la miyala ku Basilicata, munthu akamwalira anthu safulumira kufunsa chimene chamupha. Amayamba afunsa kuti amunyamula ndani, nanga akagona pati. Egidio Larotonda anakula akudziwa yankho la mafunso onse awiri. Bambo ake, a Canio, anali a mu Ubale wa Imfa Yabwino, gulu la amuna a mpingo lonyamula maliro, ndipo atamwalira ananyamulidwa ndi abale ovala zisoti nkukaikidwa m'phanga la m'khoma la Ubale kumanda. Phanga loyandikana nalo linatsala lopanda munthu, ndipo Egidio, akali mnyamata, ankalitcha lake.

Ubalewu uli ndi magawo atatu. Wolowa kumene amatchedwa wa chingwe. Amavala mkanjo wakuda, amamanga chingwe m'chiuno, nkhope imakhala poyera, ndipo ntchito yake ndi kusesa m'katchalitchi ka Ubale, kugwira makandulo ndi kukhala chete akulu akamalankhula. Akanyamula pa phewa bokosi la m'bale kuchokera kunyumba ya maliro mpaka kumanda osatula panjira, amayenera kulandira chisoti choyera chophimba nkhope yonse, cha timabowo tiwiri ta maso. Ameneyo ndiye m'bale weniweni. Pamwamba pake pali a ndodo, okalamba ochepa amene amaweruza nkhani. Chisoti chimaperekedwa kamodzi kokha pa chaka, pa tsiku lopempherera mizimu ya akufa onse, kumayambiriro kwa Novembala. M'khoma mumagona a chisoti ndi a ndodo okha.

Egidio anamanga chingwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, tsiku limodzi ndi mnzake Sabato, mwana wa kalipentala. Minda ya m'miyala sinkatha kudyetsa aliyense masiku amenewo, ndipo anyamata ankakwera sitima kupita ku Belgium kukakumba malasha. Egidio anazengereza chaka chathunthu, akudikira maliro oti anyamule kuti achoke ali wa chisoti. Chaka chimenecho abale onse anakana kufa. Njala itamukankha, ananyamuka ali wa chingwe. Kenako anadzabwera kudzakwatira Incoronata, mwana wa wophika buledi wa kumunsi kwa tauni, Sabato ali mboni ya ukwatiwo, nkumutenga mkazi wakeyo kupita naye kumigodi.

Incoronata sankakonda kusimba za zaka zimenezo. Akafunsidwa, ankangonena za fumbi lakuda limene linkalowa ngakhale mu shuga, ndi za zovala zimene ankayanika zoyera nkuzianula zotuwa. Koma za Ubale ankasimba, chifukwa ndi umene unawasunga ngati anthu. Amuna a kwathu amene anali kumeneko anali atayambitsa nthambi m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa zithando za ogwira ntchito. Dzina linali lomwelo, mapemphero omwewo, koma zina zinasintha chifukwa cha malo. Chisoti choyera sichikanakhala choyera tsiku limodzi m'dziko la malasha, choncho anasoka zakuda. A ndodo kunalibe, chifukwa panalibe amene ankakalamba. Ankalandira aliyense wofuna kunyamula, wa ku Sicily, wa ku Poland, ngakhale Mgiriki mmodzi amene ankalemba chizindikiro cha mtanda kuyambira kumanja. Ndipo chisoti sankadikira nacho Novembala. Munthu akatula bokosi kumanda ankamuveka pomwepo, chifukwa mawa lake pankafunikanso mapewa.

Egidio anavala chisoti chakuda miyezi yoyambirira yomwe. Ananyamula amene anagweredwa ndi miyala, amene anapsa, ndi amene mapapo awo anauma pang'onopang'ono ali pabedi. Mabokosi ena ankapepuka kwambiri moti onyamula sankayang'anizana. Ankabwera kunyumba, nkupereka chisoti kwa mkazi wake kuti achichape, nkukhala pakhomo mpaka msuzi utazizira. Anakhala choncho zaka pafupifupi makumi atatu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nunzia, anabadwira komweko, nkukwatiwa komweko. Pamene dokotala wa pamgodi anamuuza Egidio kuti fumbi ladzaza m'chifuwa ndipo asatsikenso pansi, iye anangouza mkazi wake kuti amange katundu.

"Tikupita kwathu," anatero. "Mpweya wa paphiri ukandithandiza."

Incoronata anadziwa kuti sanali kutsata mpweya.

Lamulungu loyamba atafika, Egidio anavala mkanjo wake, nkupinda chisoti chakuda pamkono, nkuyamba kukwera kupita ku katchalitchi ka Ubale. Incoronata anamuperekeza, chifukwa mwamunayo ankafunika kupuma pa ngodya iliyonse ya msewu. Akazi salowa pa msonkhano wa abale, koma chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo iye anaima pakhonde akumva zonse.

Sabato tsopano anali mkulu wa Ubale, wa ndodo, atanenepa, utuchi uli m'nsidze. Anamukumbatira Egidio mpaka kumutsokomoletsa.

"Wabwera, mfuko iwe," anatero Sabato. "Ife tinkati akukwirira komweko, poti unali utadzikumbira kale."

"Ndabwera kudzaona ngati unaphunzira kukhoma msomali wowongoka," anayankha Egidio.

Abale anaseka, ena akumugwira chanza. Kenako Egidio anayenda kupita ku mabenchi a kutsogolo, a abale a chisoti, nkukhala pamalo pamene pankakhala bambo ake. Kuseka kuja kunatha.

"Egidio," anatero Sabato motsitsa mawu, "malo ako ali uko."

Analoza benchi ya pafupi ndi chitseko, pamene panakhala anyamata a ndevu zongomera kumene.

"Uko kwa ana?"

"Kwa a chingwe."

"Ndine wa chisoti ine, Sabato. Ndinavala iwe ukusesabe pansi pano."

"Unavala ku nthambi."

"Nthambi ya mtengo uti? Si womwewu?"

"Womwewu, palibe akukana. Koma chisoti cha ku nthambi chimathera ku nthambi. Kuno unachoka uli wa chingwe, ndipo m'bale wa kuno sunanyamulepo."

Mastro Vitantonio, wopha nkhumba, mwamuna wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, anaseka ali pa benchi yake.

"Ife timamva kuti kumeneko chisoti amagawa ngati fodya," anatero. "Ukangoyetsemula pamaliro, basi, tenga, m'bale."

"Ndanyamula anthu ochuluka kuposa nkhumba zimene mwapha inu, Mastro Vitantonio."

"Pa chidikha. Kunyamula pa chidikha ndi kuwongola miyendo chabe. Udzanyamule pa phiri lino, tidzakuone."

Incoronata anaona mwamuna wake akuima. Anaganiza kuti atuluka, ndipo mumtima anafuna kuti atuluke. Koma Egidio anayenda mpaka pa benchi ya pakhomo, anyamata aja nkumusendera, iye nkukhala kumapeto, chisoti chakuda atachilowetsa m'kati mwa mkanjo.

Pa chakudya tsiku limenelo Incoronata anayesa kumulankhula.

"Zisiyeni zimenezi, inu. Mulungu sakakufunsani mtundu wa chisoti."

"Mulungu ayi," anatero Egidio akunyema buledi. "Koma bambo akandifunsa kuti ndagona pati."

"Ndiye mukasesa ndi ana?"

"Ndikasesa."

Anasesadi. Loweruka lililonse ankapita ndi tsache, munthu amene fumbi linali kumupha. Anyamata ankafuna kumulanda tsachelo, iye ankakana. Incoronata ankamutsogolera ndi ndowa, nkuwaza madzi pansi kuchokera pakhomo mpaka pamene mkono wake unkafika, kuti fumbi lisatuke kwambiri.

Chotsala chinali kudikira kuti m'bale wina afe, ndipo tauni yonse inkadziwa. Okalamba a pabwalo anayamba kumuseleula akamadutsa.

"Usandiyang'ane choncho, Egidio, ndili bwinobwino ine."

"Ndikungopereka moni, Zi' Prospero."

"Moni wanji woyeza munthu m'litali? Pita ukayang'ane Vitantonio, ndiye amadya mafuta."

Egidio ankaseka nawo, koma kuseka kunkathera m'kutsokomola, ndipo okalamba aja ankayang'ana kumbali mpaka atamaliza. Aliyense ankaona kuti pa onse odikiridwawo, amene anali patsogolo anali iye mwini.

Ubale uli ndi belu lakelake, laling'ono, la mawu osasa, limene limalira pakafa m'bale. Incoronata anayamba kudzipeza ataimitsa manja mu ufa nthawi iliyonse belu likamveka, akutchera khutu kuti amve ngati ndi lalikulu la parishi kapena losasa lija. Likakhala lalikulu, mtima wake unkagwa. Zimenezi zinamuchititsa mantha, ndipo anakaulula kwa wansembe, Don Gerardo.

"Simukupempha imfa ya munthu, mayi," anatero wansembeyo. "Mukumvera chisoni amuna anu."

Incoronata anachita malipiro amene anapatsidwa, koma sanakhulupirire kuti wansembeyo anamva bwino.

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri belu losasa linalira. Anafa anali m'bale wina wosoka nsapato, wochepa thupi, wa nyumba ya pafupi ndi manda. Egidio sabata imeneyo anali kuchipatala ku Potenza, atamulowetsa machubu m'mphuno. Atatuluka nkumva, anakhala masiku osalankhula ndi munthu.

Apa ndi pamene Incoronata anapita yekha kwa Sabato, kumene ankapala matabwa. Chifukwa cha umboni wa paukwati uja, awiriwa ankaitanizana kuti kompare ndi komare.

"Kompare, munthu uja sangathe kukwera ndi ndowa yamadzi. Mukufuna akwere ndi bokosi?"

Sabato anaika pansi chopalira nkupukuta manja.

"Komare, mukuganiza kuti ine zikundikomera? Tinamanga chingwe tsiku limodzi. Koma ndikamutsegulira iye, mawa abwera a ku Germany, mkuja a ku Switzerland, aliyense ndi chisoti chake chosokera kukhitchini. Mapanga a m'khoma ndi ochepa. Ndiwauza chiyani amene anatsala kuno akudya udzu kuti asachoke?"

"Iye sanachoke chifukwa chokonda."

"Ndikudziwa." Anatsitsa mawu. "Tamverani. Tsiku likafika, onyamula ndimasanja ndine. Ndidzamuika pakati, kutsogolo kwake wamtali, kumbuyo kwake wamtali. Mtengo wa chithatha udzangomukhudza mkanjo. Ayende chabe, asagwe, basi. Koma musakamuuze."

Incoronata sanamuuze. Anayatsa kandulo kwa Amayi Maria a Chisoni, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera pamene anabwerera anagona tulo tabwino.

Belu losasa linaliranso mu Ogasiti, dzuwa likuswa miyala. Anafa anali Mastro Vitantonio, amene anagwa m'sitolo yake mpeni uli m'manja. Nyumba yake inali kumunsi kwenikweni kwa tauni, ndipo manda ali pamwamba penipeni. Pakati pake pali makwerero a miyala opapatiza, okhotakhota, pamene ngakhale bulu amaima kupuma. Sabato anakhoma bokosi la mtengo wolimba, lalikulu kuposa onse amene anakhomapo.

Tsiku la maliro Incoronata anali pakati pa akazi m'chipinda cham'kati, pamene ankatha kuona onyamula. Anali asanu ndi mmodzi, asanu ovala zisoti zoyera, ndi Egidio yekha wa nkhope ya poyera. Sabato anamuika pakati, kumanzere, monga analonjezera. Anagogoda ndodo pansi, abale nkukweza chithatha pamapewa. Incoronata anaona yekha kuti pakati pa phewa la mwamuna wake ndi mtengowo panatsala mpata woti dzanja nkulowa.

Egidio anakweza phewa, osaupeza mtengowo. Anayang'ana wa kutsogolo, nkucheukira wa kumbuyo.

"Tsitsani," anatero.

Bokosi likatuluka pakhomo silitulidwanso mpaka kumanda, koma linali likadali m'nyumba. Abale anayang'ana Sabato.

"Chavuta nchiyani?" anafunsa Sabato, mawu akutuluka mogonthera m'chisoti.

"Pano sindikunyamula kanthu."

"Ukunyamula. Tiyeni."

"Ndikubisala dzuwa pansi pa bokosi. Ndipatseni kumbuyo."

Aliyense wa kuno amadziwa kuti pokwera phiri kulemera konse kumatsikira kwa awiri a kumbuyo. Sabato anasendera pafupi naye, koma m'nyumba ya maliro mumakhala chete, ndipo mawu ake anamveka mpaka kwa akazi.

"Usachite misala, Egidio. Palibe akuona."

"Akuona ndi uyu ali m'bokosimu. Anati ku nthambi amagawa ngati fodya. Ukufuna kuti ndikamupeze uko akundiseka kuti ndi kuno komwe anandigawira?"

"Ufa, munthu iwe."

"Ku nthambi sitinkanamiza akufa. Ndipatseni kumbuyo."

Incoronata akanatha kulankhula pamenepo. Koma mkazi salankhula pamaso pa abale atavala zisoti, makamaka m'nyumba ya maliro a eni, ndipo pambali pake panali mkazi wa Vitantonio akulira. Anangofinya kolona m'dzanja. Abale anatsitsa chithatha, m'bale wa kumbuyo kumanzere nkusinthana malo ndi Egidio, Sabato nkugogodanso ndodo.

Akazi amayenda kumbuyo kwa bokosi, choncho Incoronata anakwera phiri lonselo akuyang'ana msana wa mwamuna wake. Pa makwerero oyambirira Egidio anayenda bwino, mwa munthu wodziwa ntchito, phazi likugwera limodzi ndi la mnzake. Atadutsa pa kasupe, kupuma kwake kunayamba kumveka pamwamba pa mapemphero, ngati sowo yodula mtengo wauwisi. Mkanjo unanyowa kuyambira pakhosi mpaka pa chingwe. Pokhota paliponse mwendo wake wa kumanzere unkanjenjemera, bokosi nkupendekera kwa iye, ndipo m'bale wa kumanja kwake ankayesa kudzikweza kuti atengeko kulemerako. Anthu anaima m'makomo mwawo. Onyamula ena akavutika palibe amaona, chifukwa chisoti chimabisa. Nkhope ya Egidio inali poyera, ndipo Incoronata ankawerenga mmene inalili pa nkhope za anthu amene ankamuona akubwera. Mayi wina anaphimba maso a mwana wake.

Pa khota lomaliza Egidio anatsokomola osachotsa manja pa mtengo, ndipo pa mwala pamene anadutsa panatsala magazi. Incoronata anawalumpha. Wansembe anafulumiza mapemphero. Sabato, amene amayenera kuyang'ana kutsogolo, ankayenda chocheuka.

Anafika. Anatula bokosi pa mwala wa pachipata cha manda, ndipo Egidio anatsetsereka nkukhala pansi atatsamira khoma, milomo itada. Sabato anagwada pafupi naye.

"Wanyamula," anatero. "Abale onse aona."

Egidio anayesa kulankhula kangapo mawu asanatuluke.

"Nkhumba zonse zija," anatero, "anadya yekha."

Anamutsitsira kunyumba pa kagalimoto ka mawilo atatu ka wogulitsa masamba. Kuchokera tsiku limenelo sanatulukenso panja. Ankagona chokhala, atatsamira mapilo, chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthawa. Dokotala anabwera, anamvetsera pachifuwa, nkumutengera Incoronata pakhomo, ndipo zimene ananena zinali zimene mayiyo ankazidziwa kale. Incoronata anagula nsalu yoyera nkuyamba kusoka chisoti atakhala pambali pa bedi. Egidio ankayang'ana singano ikulowa ndi kutuluka.

"Mabowo a maso usawatalikitse," ankatero. "A chisoti cha bambo anali otalikirana, ankapunthwa."

Nthawi yokolola mphesa itafika, anali atasiya kudya buledi, akungomwa mkaka. Incoronata anabwereranso kwa Sabato kukapempha kuti chisoti amuveke pabedi, Novembala asanafike. Sabato anaitanitsa a ndodo. Nkhani yotere amaweruza ndi nyemba: aliyense amaponya m'thumba yoyera ngati wavomera, yakuda ngati wakana, ndipo yakuda imodzi imakwanira kutseka nkhani. Incoronata anadikira pakhonde lomwe lija. Sabato atatuluka, Incoronata sanafunike kumufunsa zotsatira.

"Waponya yakuda ndani?" anangotero.

"Sindikudziwa, komare, ndipo sindiyenera kudziwa. Koma musawaone ngati oipa. Chisoti timaveka tsiku la akufa chifukwa tsiku limenelo abale a m'khoma amakhala nafe, ndiwo mboni. Tikaveka tsiku lina, a Canio sadzakhalapo."

Incoronata anapita kwa Don Gerardo, amene anatambasula manja nkunena kuti pa malamulo a Ubale wansembe alibe mawu. Atabwerera kunyumba anamuuza Egidio zonse monga zinalili. Iye sanakwiye.

"Akunena zoona," anatero. "Ndidikira. Kudikira ndinazolowera."

Anadikira mpaka pakati pa Okutobala. Anali atalandira kale masakramenti. M'mawa wina Incoronata anapita kukatenthetsa mkaka, ndipo ali kukhitchini anazindikira kuti m'nyumba muli chete, kupuma kuja kumene kunadzaza nyumba miyezi yonseyo sikukumveka. Anazimitsa moto, nkuphimba mkaka, kenako nkupita kukamutseka maso.

Nunzia anafika mawa lake pa sitima. Masana a tsiku lomwelo Sabato anabwera atavala zovala wamba, chipewa chili m'manja, nkukhala ndi akazi awiriwo kukhitchini, mtembo uli m'chipinda.

"Komare, a ndodo tinakumana. Pali njira ziwiri, ndipo kusankha ndi kwanu."

"Nanga phanga?" anafunsa Incoronata.

"Phanga ndi la wa chisoti wa kuno. Pa njira zonse ziwiri palibe phanga."

Incoronata anagwedeza mutu kuti apitirize.

"Pali lamulo lakale la m'bale wa nthambi ina amene wafera kuno ali paulendo. Ameneyo timamulemekeza ngati mlendo. Amavala chisoti cha kwawo. Timamuimbira belu lathu, a ndodo amatsogolera, a chisoti onse amanyamula. Koma mlendo alibe malo mumpanda wa Ubale. Amakagona kumunsi, pa manda a anthu onse."

"Inayo?"

"Inayo ndi yakuti anafa ali wa chingwe wa kuno. Apite ndi mkanjo ndi chingwe, nkhope poyera, popanda belu. Amunyamula ndi a chingwe anzake. Koma akagona mumpanda, pansi, patsinde pa khoma. Pamzere pamenepo pali malo pansi pa phanga la a Canio."

"A chingwe anzake," anatero Nunzia. "Ana aja? Bambo anga ananyamula theka la mgodi, Zi' Sabato. Anafera nyama ya Vitantonio pa phiri lanuli, ndiye muwakwirire ngati mwana wosesa? Amayi, avale chisoti chawo. Anachivutikira. Tauni yonse ione kuti anali ndani."

Sabato anayang'ana chipewa chake. Incoronata anadzuka nkulowa m'chipinda cha mtembo, nkutseka chitseko.

Anakhala mmenemo nthawi yaitali. Anayang'ana mapewa a mwamuna wake, lamanzere lotsika kuposa lamanja chifukwa cha mitengo ya zithatha. Mwana wake sankanama. Zaka za ku nthambi ndizo zinali moyo wa munthuyu, ndipo kumuika ngati wa chingwe kunali ngati kunena kuti zaka zimenezo sizinachitike, kuti amene anawanyamula aja sanali anthu. Koma anakumbukiranso kuti Egidio anapatsidwa mpata wotuluka ndi chisoti chakecho pakhomo la katchalitchi, ndipo iye anasankha benchi ya ana. Akanafuna kukhala mlendo wolemekezeka, sakanagwira tsache. Anapemphera kuti aunikiridwe, koma sanamve yankho lililonse. Anatuluka.

"Kompare, mwamuna wanga anabadwira m'nyumba yachitatu kuchokera pa kasupe. Si mlendo. Aitaneni anyamatawo."

"Amayi..."

"Ulendo wa kumanda ndi wa kanthawi, mwanawe. Kugonako nkwa mpaka Ambuye adzabwere."

Nunzia anatuluka panja.

Anamunyamula anyamata asanu ndi mmodzi amene anali asananyamulepo munthu. Ankasemphana mapazi, ndipo pa khota lina bokosi linagunda khoma la nyumba. Silinali lolemera. Belu losasa silinalire. Abale a chisoti anabwera onse, koma atavala majekete awo a Lamulungu, akuyenda kumbuyo kwa akazi monga anthu wamba, chifukwa pa maliro a wa chingwe Ubale suvala. Sabato anayenda kumapeto kwenikweni, wopanda ndodo, akulira osabisa. Anyamatawo sanapindule kanthu ndi thukuta lawo, chifukwa kunyamula wa chingwe sikuwerengedwa.

Nunzia anabwerera ku Belgium maliro atangotha, atatenga chisoti chakuda chija. Kwa zaka zingapo ankalankhula ndi mayi ake pa Khirisimasi pokha, ndipo nkhani ya maliro sankaitchula. Anthu a m'tauni anagawikana. Ena ankati Incoronata anamuchititsa manyazi mwamuna wake, ena ankati anamumvetsa. Iye sanadziteteze kwa aliyense, ndipo atafunsidwa ndi mnansi wake ngati mtima wake unali pamalo, anangoti sakudziwa.

Patsinde pa khoma la Ubale ndi ponyowa. Mvula ikagwa, madzi onse a padenga la khomalo amatsikira pamzere wa a chingwe nkudikha pamenepo. Incoronata ankasunga kakhasu kuseri kwa chipata cha manda. Mvula ikangokata, ankavala shawelo yake yakuda, nkukwera makwerero aja pang'onopang'ono, nkukakumba kangalande koti madzi apatuke. Anachita zimenezo nyengo yozizira iliyonse mpaka miyendo itamukana.